A Bele Limodzi

Ndinakulira ku Nkhotakota, m'nyumba imene mwera ukamawomba usiku tinkagona tikumva mafunde. Bambo anga anali msodzi wa matchera, ndipo ndisanadziwe kuwerenga ndinali nditadziwa kale kusiyanitsa kampango ndi mlamba. Koma namgumi ndinkangomumva ku Sande sukulu, ngati chinsomba chomeza anthu cha m'nyanja zakutali. Sindinkaganiza kuti tsiku lina ndidzalirira nyama imeneyi.

Pano ndimakhala ku Oban, kumadzulo kwa Scotland, ndipo ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Lamlungu pa 16 Julaye 2023 ndinali pa ntchito, ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, miyendo itatupa. Pa TV anayamba kuonetsa gombe la Tolsta pa chilumba cha Lewis. Pa mchenga panali anamgumi 55, a mtundu wakuda wa mutu wobulungira umene kuno amautchula kuti pilot whale, atagona mondondozana ngati mabwato amene eni ake awakokera kumtunda. Ambiri anali atafa kale pamene anthu ankafika. Otsalawo ankawathira madzi ndi kuwafunditsa nsalu zonyowa, koma pofika madzulo anali atapulumukapo mmodzi yekha.

Poyamba sindinamvetse. Nyama imene imapuma mpweya ngati ife, ikufa bwanji chifukwa chokhala pa mtunda? Ndinadzamva pambuyo pake kuti thupi la namgumi limanyamulidwa ndi madzi. Madzi akachoka, kulemera kwake komwe kumamuphwanya: mapapo amapanikizika, minofu imene wagonera imayamba kuwonongeka n'kutulutsa zinthu zimene zimakapha impso, ndipo mafuta okhuthala a pansi pa khungu, amene amamuteteza ku chisanu, amamuwotcha ngati munthu wofunda mabulangete asanu mu Okutobala. N'chifukwa chake ngakhale amene wabwezeredwa m'madzi nthawi zina amakafera m'tsogolo.

Patapita masiku ochepa, amene ankapima mitemboyo ananena kuti mmodzi mwa anamgumi aakazi anali pa vuto la uchembere, ndipo ankaganiza kuti gulu lonse linamutsatira kumadzi osaya osafuna kumusiya yekha. Nditamva zimenezi ndinalowa m'chipinda chochapira zovala n'kukhala pansi. Kwathu mayi akapita kukachira sapita yekha. Amayi ake, azakhali, apongozi, amagona pa simenti kunja kwa wodi ndi mbaula zawo mpaka amve kulira kwa khanda. Ine ndinali kutali ndi onsewo, ndipo ndinali kuona pa TV mtundu wathunthu utatha chifukwa chokana kusiya mayi woyembekezera.

M'nyumba imeneyi munali agogo ena aamuna amene moyo wawo wonse anali msodzi wa nkhanu pa zilumba za kumadzulo. Ndinkawatchula kuti Agogo, ndipo dzinali analikonda. Ankakhala pa windo ndi magalasi oonera patali, kuwerenga sitima zolowa ndi zotuluka. Ataona maso anga ofiira anandifunsa chimene chavuta. Nditawauza anakhala chete, kenaka anati: "Mwana wanga, imeneyi ndi imfa yoonekera. Anthu alira sabata imodzi. Ukapeza nthawi ukafufuze za Lulu."

Nthawiyo ndinaipeza mwana atabadwa, m'maola aja a usiku pamene dziko lonse lagona koma iwe uli tsonga, khanda ku bele, foni m'dzanja linalo.

Lulu anali orca wamkazi. Orca ndi nyama ija yakuda ndi yoyera imene ambiri amaitcha namgumi wolusa, ngakhale kuti kwenikweni ndi ya banja la ma dolphin ndipo ndiyo yaikulu koposa m'banjamo. Mtembo wake unapezeka pa gombe la chilumba cha Tiree mu Januwale 2016, wautali mamita 6 ndi pang'ono. A bungwe la Hebridean Whale and Dolphin Trust, limene lili ku Tobermory pa chilumba cha Mull, anamuzindikira ndi mawanga a pafupi ndi diso ndi a pamsana, chifukwa orca aliyense ali ndi ake, monga mmene mwini ng'ombe amadziwira zake m'khola la mudzi wonse. Madokotala a zinyama a Scottish Marine Animal Stranding Scheme, motsogozedwa ndi Dr Andrew Brownlow, anapita kukamupima. Chingwe sanachipeze pa thupi, koma zilonda zakuya zozungulira mchira zinanena zonse. Lulu anakodwa m'chingwe chonga cha miono ya nkhanu, nachikoka kwa masiku, osatha kusambira bwino kapena kusaka chakudya, mpaka anamira.

Nditabwerera ku ntchito ndinawauza Agogo kuti ndawerenga. Anandijambulira pa pepala mmene amatchera. Miono yawo ndi yachitsulo ndi ukonde, ndipo amaimanga yambirimbiri pa chingwe chimodzi chachitali n'kuimiza pansi pa nyanja, kumapeto kuli chingwe china chokwera pamwamba kumene kuli boya. Vuto ndi lakuti chingwe chimene asodzi ambiri amagwiritsa ntchito ndi chopepuka kuposa madzi. Pakati pa mono ndi mono unzake chimatukuka n'kupanga uta m'madzimo, ndipo namgumi wodutsa atayasamula kuti adye amalowa m'utamo. Ofufuza a kuno anawerengera kuti chaka chilichonse anamgumi a mtundu wa minke pafupifupi 30 ndi a mtundu wa humpback pafupifupi 6 amakodwa chotere m'madzi a Scotland. Pa dziko lonse, anamgumi ndi ma dolphin amene amafera m'maukonde ndi m'zingwe za usodzi amati amapitirira 300,000 pa chaka. Palibe china chimene chimapha nyamazi mwachindunji kuposa zimenezi.

Agogo anandiuza kuti tsiku lina, ali ndi mphamvu zawo, anakoka chingwe chikulemera mosazolowereka, ndipo chimene chinatuluka ndi minke wamng'ono atafa, chingwe chitamudula m'kamwa. Anati sanauze munthu kwa zaka zambiri. Ine sindingathe kuwaloza chala. Ndikukumbukira bambo anga akubwera m'mawa ndi katumbu wakufa m'matchera, nkhope ili gwa, akudandaula ukonde wong'ambika komanso nyama imene sanaifune. Msodzi satchera kuti aphe chimene sadya. Ndipo apa pali njira: asodzi ena a kumadzulo kuno ayesa chingwe cholemera chimene chimagona pansi osatukuka, ndipo chagwira ntchito bwino. Chimangokhala chodula. Kwa ine, ngati boma likufunadi anamgumi amoyo, lithandize asodzi kugula chingwe chimenechi m'malo mongowalalikira.

Nkhani ya Lulu ikanathera pa chingwe, bwenzi ndisakulemba izi. Koma madokotala aja anadula kachidutswa ka mafuta ake n'kutumiza ku labotale, ndipo zotsatira zinatuluka mu Meyi 2017. M'kilogalamu iliyonse ya mafuta ake munali mamiligalamu oposa 950 a mankhwala otchedwa PCB. Akatswiri amati nyama za m'nyanja zimayamba kuvulazidwa mlingowu ukangodutsa 9. Lulu anali ndi poizoni wochuluka kuwirikiza ka 100, umodzi mwa milingo yokwera kwambiri imene inapezekapo m'nyama ya m'nyanja kulikonse.

PCB ndi mafuta opangidwa m'fakitale. Anayamba kupangidwa mochuluka cha m'ma 1929, ndipo ankakondedwa chifukwa sagwira moto msanga, sawola, sasungunuka m'madzi. Ankawathira m'mathiransifoma a magetsi, m'penti, m'phala lomatira ming'alu ya nyumba zazitali. Dziko lapansi linapanga matani oposa 1 miliyoni. Kuopsa kwake kutadziwika, America inaletsa mu 1979, maiko a ku Ulaya m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2001 maiko anasainirana pangano la Stockholm lothetsa mankhwala otere. Koma chimene chinachititsa kuti akondedwe ndi chomwecho chimene chikupha: sawola. Akutulukabe m'nkhuti za zinyalala, m'nyumba zakale zikamagwetsedwa, m'matope a m'madoko, n'kutsikira m'mitsinje mpaka ku nyanja.

M'madzimo amakhala ochepa kwambiri, osati oti angaphe kanthu. Koma amamatirira ku mafuta a chamoyo ndipo satulukanso. Taganizani za kwathu: tizilombo ta m'madzi tidye pang'ono, usipa udye tizilombo tambirimbiri, ncheni idye usipa wambiri, nkhwazi idye ncheni chaka ndi chaka. Aliyense akulandira katundu wa onse amene wawadya. Gulu la Lulu silinkadya nsomba zokha ayi, linkasaka nyama zinzake za m'nyanja monga ma porpoise, abale aang'ono a ma dolphin, zimene nazonso zinali zitasenza kale katundu wawo. Lulu anali pa nsonga penipeni pa mulu umenewu, ndipo orca amakhala zaka makumi ambiri akuunjika.

Tsono apa ndi pamene ndinasiya kuwerenga usiku uja, n'kuyang'ana mwana wanga akuyamwa.

Orca wamwamuna alibe njira yochotsera poizoniyu. Amafa naye. Wamkazi ali nayo njira imodzi. Mkaka wa nyamazi ndi wamafuta kwambiri, kuposa wathu kutalitali, ndipo mafutawo thupi limawatenga m'nkhokwe ya pansi pa khungu, mmene muli PCB. Mayi akamayamwitsa amakhala akutsanulira mwa mwana zonse zimene waunjika chibadwire. Ofufuza a ku South Africa, atapima ma dolphin a kugombe la kummawa kwa dzikolo m'zaka za m'ma 1980, anapeza kuti mwana wachisamba amalandira pafupifupi 80 peresenti ya katundu yense wa mayi ake. Mayi amayera, mwana amasenza. Ana obadwa pambuyo amapeza bele lotsukidwa kale ndi mkulu wawo, ndipo kumene ma dolphin akhala akutsatidwa kwa zaka zambiri, monga ku Sarasota m'dziko la America, achisamba ndi amene amafa kwambiri ali aang'ono.

Lulu anali ndi zaka zosachepera 20, msinkhu woti akanakhala ndi ana. Atapima ziwalo zake zoberekera anapeza kuti sanaberekepo. PCB amasokoneza uchembere: mimba siikhala, kapena imachoka, kapena mwana amafa atangobadwa. Ndiye onani mmene msamphawu unamangidwira. Zikuoneka kuti poizoni anamutseka mimba, ndipo popeza sanabereke, analibe potulutsira poizoniyo, nangounjikana mpaka 950. Akanabereka, akanapepukidwa pomupha mwana wake.

Kwa ife Achewa, mawu akuti bele si chiwalo chokha. Tikati awa ndi a bele limodzi, tikunena anthu ochokera mwa mayi mmodzi, amene munda wawo ndi umodzi, manda awo ndi amodzi. Mtundu umayenda kudzera mwa akazi. Ma orca nawo ndi otero. Gulu limazungulira mayi wamkulu, ndipo m'magulu amene afufuzidwa kwambiri, kugombe la Pacific la Canada ndi America, ana aamuna ndi aakazi omwe amakhala ndi mayi awo moyo wonse. Akazi amasiya kubereka ali ndi zaka cha m'ma 40 koma amakhalabe zaka zambiri, ndipo chaka cha njala ndi agogo aakazi amene amatsogolera gulu kumene kuli nsomba. Ndi nyama zochepa kwambiri zimene zili ndi agogo otere. Poizoni amene walowa m'bele la nyama yotere walowa pa muzu pa mtundu.

Gulu la Lulu limatchedwa West Coast Community. Ofufuza analemba ma orca 10 m'gululi, aliyense ndi dzina lake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 pamene anayamba kuwatsatira, sanaonepo khanda ngakhale limodzi pakati pawo. Mmodzi anali atafa kale, choncho Lulu atafa anatsala 8, aamuna anayi, aakazi anayi. M'zaka zaposachedwa amene akuoneka ndi awiri okha, onse aamuna: John Coe, amene ali ndi chibanthu chachikulu m'munsi mwa chipsepse cha pamsana ndipo akuti wapitirira zaka 60, ndi mnzake Aquarius. Amayenda limodzi mitunda yaitali, kuzungulira zilumba za Hebrides, kutsikira ku Ireland, ndipo mu 2021 anaonedwa kutali ku Cornwall. Anthu akawaona amasangalala, zithunzi zimadzaza pa Facebook. Ine ndikaziona ndimakumbukira nkhalamba ziwiri za m'mudzi wina pafupi ndi kwathu, munthu ndi mphwake, zimene alongo awo onse anatha m'zaka zija za maliro a tsiku ndi tsiku. Zinkakhala pa khonde, zaulemu, zaukhondo, ndipo aliyense wodutsa ankadziwa kuti mbumba imeneyo yathera pomwepo.

Si gulu lokhali. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2018 anaunika magulu 19 a ma orca pa dziko lonse, napeza kuti oposa theka ali pa chiopsezo cha kutha chifukwa cha PCB, makamaka a kufupi ndi Britain, Gibraltar, Japan ndi Brazil. Ndipo poizoniyu sapha ndi dzina lake. Amafooketsa chitetezo cha m'thupi, imfa n'kubwera itavala chovala china. Ku Britain kuno, atayerekeza ma porpoise amene anafa ndi matenda monga chibayo ndi amene anafa mwadzidzidzi m'maukonde ali athanzi, anapeza kuti odwalawo anali ndi PCB wambiri. Pamene mliri wa morbillivirus, kachilombo ka banja limodzi ndi ka chikuku, unapha ma dolphin ochuluka m'nyanja ya Mediterranean kuyambira mu 1990, akufawo anapezekanso ndi milingo yokwera. Ife a ku Malawi sitifunika kutiphunzitsa zimenezi. Tinaika m'manda abale amene pa pepala analembedwa TB kapena chibayo, tonse tikudziwa kuti chinagwetsa mpanda ndi china.

Nchifukwa chake ndimavutika mumtima ndikaona kuti nkhani ya anamgumi kwa anthu ambiri yasanduka nkhani ya pulasitiki yokha. Pulasitiki ndi yoipa, sindikukana. Mu Novembala 2019 namgumi wamkulu wa mtundu wa sperm whale anafera pa gombe la chilumba cha Harris, ndipo m'mimba mwake anatulutsamo chimpukutu cha makilogalamu 100: maukonde, zingwe, makapu, majumbo, magolovesi. Chithunzi chake chinazungulira dziko lonse. Koma chimpukutu ungachijambule. Phokoso la mabomba a asilikali ophulitsidwa pansi pa madzi, limene lipoti la boma linati ndilo liyenera kuti linathamangitsira ma pilot whale kumadzi osaya ku Kyle of Durness, kumpoto kwa Scotland, mu 2011, sungalijambule, komabe uli ndi tsiku ndi malo oti uloze. PCB alibe fungo, alibe mtundu, alibe tsiku. Chimene amasiya ndi ana amene sanabadwe, ndipo amenewo sapezeka pa gombe kuti wina awawerenge.

Nkhaniyi inandibwezanso kwathu mwa njira imene sindinaiyembekezere. Malawi alibe anamgumi, koma ali ndi mathiransifoma akale, monganso maiko ena onse otizungulira, ndipo pangano la Stockholm linapatsa maiko chaka cha 2025 kuti akhale atasiya kugwiritsa ntchito zipangizo zokhala ndi PCB, ndi 2028 kuti akhale ataziwononga mosamala. Ndili mtsikana, thiransifoma ya m'dera lathu itaphwasulidwa usiku, anthu ankanong'ona kuti mafuta ake amakathera m'ziwaya za tchipisi chifukwa sapserera msanga. Tinkangoti ndi nkhani za m'misika. Lero ndikudziwa kuti ku Japan mu 1968, PCB atalowa mwangozi m'mafuta ophikira opangidwa ku gaga wa mpunga, anthu masauzande anadwala, khungu linatuluka zilonda, ndipo ana obadwa kwa amayi amene anadya mafutawo anabadwa ndi mavuto. Chimene chatayikira pansi ku Lilongwe kapena ku Blantyre chimatsatira mvula, kulowa mu Linthipe kapena mu Mudi, kenaka Shire, Zambezi, mpaka Indian Ocean, kumene ma humpback amabwera chaka chilichonse m'nyengo yozizira kudzaberekera m'madzi ofunda a Mozambique.

M'mawa wa usiku uja ndinaimbira amayi pa WhatsApp. Ndinawafotokozera mosokonekera, za nsomba imene si nsomba, za mkaka, za mwana wachisamba. Ndinawafunsa ngati ndikumupatsa mwana wanga zoipa zimene ndadya moyo wanga wonse.

"Iwe, mwanayo akuyamwa bwino?"

"Akuyamwa, Amayi."

"Akukwera sikelo?"

"Akukwera."

"Ndiye muyamwitse. Usamuchotse ku bele chifukwa cha mantha. Koma nyama imeneyo yandimvetsa chisoni. Inafa yopanda woilira wa m'mimba mwake."

Amayi ananena zoona, ndipo namwino wa kuno anandiuza chimodzimodzi. Ife sitidya ma porpoise, katundu wathu ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa orca, ndipo a World Health Organization amanenetsa kuti ubwino wa mkaka wa m'mawere umaposa kutali chiopsezo cha mankhwala oterewa. Mayi aliyense wowerenga izi ayamwitse mwana wake ndi mtima wokhazikika. Ine ndinayamwitsa mpaka chaka ndi miyezi isanu ndi itatu.

Mu Julaye 2024 ma pilot whale ena 77 anafera pa chilumba cha Sanday ku Orkney. Agogo sanazione. Anali atatisiya chaka chomwecho, dzinja la kuno likutha, ndipo mwana wawo wamkazi, pochotsa katundu m'chipinda, anandipatsa magalasi aja, akuti bambo ake anasiya mawu.

Tsiku langa lopuma likagwa pa nyengo yabwino ndimakwera sitima ya ku Craignure ndi mwana, ulendo wosakwana ola limodzi. Timakhala panja, kumbuyo, kumene mphepo imaluma makutu. Ndimayang'ana chipsepse chachitali chakuda chokhala ndi chibanthu m'munsi. Sindinachionepo. Ulendo wathawu tinaona ma porpoise atatu pafupi ndi nyumba ya nyali ya ku Lismore, awiri aakulu ndi kamodzi kakang'ono kakusambira kataphatikira m'nthiti mwa mayi ake. Kanatuluka kawiri, katatu, kenaka madzi anatsekeka. Mwana wanga analoza ndi chala n'kunena kuti "somba", ndipo ndinamunyamula kuti aone bwino.